Kamera ikafika pa doko: njira zosiyana zopangira dokyumentale

Ife a ku Mangochi timajambulidwa kwambiri kuposa mmene timajambulira. Pitani ku Chembe, ku Msaka, ku Malindi kaya m'mbali mwa Malombe, simudzasowa munthu woti akuuzeni kuti tsiku lina kunabwera galimoto ya bungwe, anatsika anthu ndi makamera, ka drone kanazungulira m'mwamba, anafunsa mafunso basi nkumapita. Ndiye ukazipeza filimu zimenezi pa YouTube umaona kuti pafupifupi zonse nzofanana: nyanja kuchokera m'mwamba, kanyimbo kachisoni ka piyano, mwana akuyang'ana mu kamera, kenako mawu a munthu wosaoneka akufotokoza m'Chingerezi kuti anthu awa ndi osauka, chambo chatha, koma pulojekiti yakuti yabweretsa chiyembekezo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa nchoti achinyamata athu amene ayamba kujambula ndi mafoni akutengera zomwezo, akuganiza kuti dokyumentale, filimu yoonetsa zinthu zoona, imapangidwa choncho basi. Ayi ndithu abale anga, imeneyo ndi njira imodzi yokha, ili ndi mbiri yake komanso eni ake, ndipo pali zina zingapo zomwe anthu akhala akukangana nazo kwa zaka zoposa 100. Kusiyana kwake sikuli pa mtundu wa kamera ayi, kuli pa funso loti mu filimumo alankhule ndani, wojambulayo aoneke kapena abisale, nanga zomwe zikuchitika pamaso pa kamerazo azisiye zichitike zokha kapena azikonze.

Nkhani yokonza zinthuyi inayamba kalekale, sikuti ndi chinyengo cha masiku ano. Mu 1922 mkulu wina wa ku America dzina lake Robert Flaherty anatulutsa Nanook of the North, filimu ya banja la a Inuit kumpoto kwa Canada, ndipo ambiri amaitenga ngati dokyumentale yaitali yoyamba kutchuka. Koma bamboyo dzina lake lenileni silinali Nanook, anali Allakariallak. Posaka ankagwiritsa ntchito mfuti, Flaherty anamuuza kuti agwire mkondo ngati mmene ankachitira makolo ake. Ngakhale nyumba ya madzi oundana yomwe timaona banjalo likudzukamo anachita kuimanga mbali imodzi yotsegula kuti kuwala kulowe, chifukwa kamera inali yaikulu ndipo m'kati munali mdima. Ndalama zake zinachokera ku kampani ya ku France yogula zikopa, Revillon Frères. Flaherty ankafuna moyo wakale womwe unali ukutha, ndiye moyo weniweni wa munthuyo tsiku limenelo anauika pambali. Ndikaona mlendo akuuza msodzi kuti achotse jezi ya Manchester United, asiye boti ya injini akwere bwato kuti zioneke zachikhalidwe, ndimadziwa kuti ndi maganizo omwewo akupitirirabe.

Tsopano njira ya mawu ofotokoza ija. Munthu amene anaikhazikitsa kwambiri ndi John Grierson wa ku Scotland, ndipo chosangalatsa nchoti filimu yomwe anajambula yekha mu 1929, Drifters, inali ya asodzi a ku North Sea, ngakhale imeneyo inalibe mawu. Grierson ankakhulupirira kuti filimu ndi chida chophunzitsira nzika, ndipo magulu omwe anatsogolera anali a boma, poyamba Empire Marketing Board kenako GPO Film Unit, mu 1939 nkukayambitsa National Film Board ku Canada. Mawu atalowa mu sinema m'zaka za m'ma 1930 zinthu zinakhazikika motere: mumayamba mwalemba zoti zinenedwe, kenako mumakasaka zithunzi zoti zigwirizane ndi zomwe mwalembazo. Wofotokozayo saoneka, sakayika, sapunthwa lilime, amadziwa zonse, nchifukwa chake anthu a filimu amati ndi mawu a Mulungu. Zithunzi pamenepa ndi mboni chabe. Mawu akati nsomba zatha mumaonetsa ukonde wopanda kanthu, ngakhale kuti ukondewo munaujambula masana anthu akuusoka.

Kuno kwathu njirayi inabwera ndi atsamunda. Pakati pa 1935 ndi 1937 panali pulojekiti yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment yomwe inkapanga filimu ku Tanganyika nkumaziyendetsa mpaka ku Nyasaland, kenako kuyambira 1948 mpaka 1963 kunali Central African Film Unit ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, yomwe inkapangira filimu anthu akuda a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri aja. Galimoto imafika pamudzi madzulo, amapachika chinsalu, jenereta nkulira, womasulira atagwira maiki akufotokoza m'chilankhulo cha pamalopo. Nkhani zake zambiri zinali za anthu awiri, wina wanzeru amene wamvera mlangizi wa boma ndipo zikumuyendera, wina wopusa amene wakakamira zakale ndipo akuvutika. Taonani bwino filimu zambiri za mabungwe lero, mupeza anthu awiri omwewa, wolowa pulojekiti ndi wosalowa. TV yathu inayamba mochedwa, mu 1999, ndiye kwa nthawi yaitali anthu akumudzi filimu ya zoona yomwe ankaidziwa inali yowalangiza basi.

Sindikunena kuti njirayi ndi yoipa yonse. Mukafuna kufotokoza mmene likodzo limalowera m'thupi kudzera mu nkhono za m'madzi, kapena chifukwa chomwe amatsekera nyanja nthawi yoti chambo chiswane, mukufunika mawu omveka bwino ofotokoza mwadongosolo, palibe kuchitira mwina. Filimu za zachilengedwe nazonso zimayenda choncho, nsomba zotchedwa mbuna za ku Lake Malawi National Park sizingakuuzeni zokha chifukwa chomwe yaikazi imasungira ana m'kamwa. Vuto limabwera mukatenga njira yofotokozera nsomba nkufotokozera nayo anthu amene ali ndi pakamwa pawo.

Cha m'ma 1960 kunabwera anthu ena amene anatopa ndi mawu a wofotokoza, ndipo chomwe chinawathandiza ndi zida. Kale kamera yojambula limodzi ndi mawu inali chinthu cholemera, chofuna miyendo, magetsi ndi gulu la anthu, ndiye munthu ankachita kumubweretsa pamaso pa kamera. Atapanga makamera a 16mm onyamula paphewa ndi tepi yaing'ono yojambulira mawu ngati Nagra, yoti mawu ndi chithunzi ziziyendera limodzi, kamera inayamba kutsatira munthu komwe akupita. Mu 1960 Robert Drew ndi anzake, Richard Leacock, D. A. Pennebaker ndi Albert Maysles, anatsatira John F. Kennedy ndi Hubert Humphrey pa kampeni ku Wisconsin nkupanga Primary, muli pena pomwe kamera ikuyenda kumbuyo kwa Kennedy akudutsa m'chikhamu cha anthu, chinthu chomwe owonera anali asanachizolowere. Malamulo a gulu limeneli anali okhwima: osafunsa mafunso, osauza munthu kuti bwerezani, osakonza chilichonse, ungokhala pamenepo mpaka anthu aiwale kuti ulipo.

Tiyerekeze kuti mukufuna kujambula usodzi wa usipa m'njira imeneyi. Simuyamba ndi kulemba zoti zinenedwe. Mumayamba ndi kupempha mwini ukonde wa chilimila ndi alovi ake, anyamata omugwirira ntchito panyanja, kuti muzipita nawo, ndipo masiku oyamba mwina kamera simuitulutsa nkomwe. Mumanyamuka nawo dzuwa likulowa, mumajambula akukangana za mafuta, wina akudandaula kuti dzulo sanagawane bwino, siginala ali yekha mu bwato lake ndi nyali akudikira nsomba zisonkhane, maola akudutsa palibe chochitika, wina wagona pa ukonde, wina akuimba nyimbo yachiyao motsitsa. Kenako siginala waitana, onse adzambatuka, kukoka, kukuwa, madzi kulowa mu boti. M'mawa pa doko amayi ogula afika ndi mabeseni, mtengo wa ndowa ukukwera kapena kutsika malinga ndi maboti omwe abwera ndi kanthu, wina akutenga pa ngongole, wina wayatsa kale moto wofutsira nkumayala pa thandala. Palibe amene wanena kuti nsomba zikuchepa, koma wowonera akaona nkhope ya mwini boti akuwerengera mafuta omwe wawotcha ndi ndowa zomwe zatuluka amamva yekha, ndipo zimamukhala kuposa akanachita kuuzidwa. Mwera ukaomba osapita panyanja mumajambula kudikirako, mwezi ukawala nyali osagwira ntchito mumajambulanso zomwe amachita kumtunda. Ineyo njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imamupatsa munthu ulemu woti moyo wake uoneke pa liwiro lake.

Koma tisanamizane kuti ndiye choonadi chenicheni. Choyamba kamera ili ngati nyali ya siginala, imakoka, ikangotuluka ana onse a pa doko ali pomwepo ndipo akuluakulu amayamba kuyankhula mosamala kapena modzionetsera, ndiye zimatenga nthawi yaitali kuti zimenezi zithe, mwinanso sizitheratu. Chachiwiri, ndipo chachikulu, ndi kuedita. Frederick Wiseman, amene anapanga filimu zambiri za m'masukulu, m'zipatala ndi m'maofesi a boma ku America popanda wofotokoza kapena mafunso, ankajambula maola ochuluka, nthawi zina oposa 100, nkukhala miyezi yambirimbiri akusankha zoti zitsale. Iye mwini sankabisa kuti posankhapo mpamene amaikapo maganizo ake. Mukaika chithunzi cha bwana akudya pambuyo pa chithunzi cha wantchito wanjala mwalankhula kale, ngakhale simunatsegule pakamwa. Chachitatu ndi chilolezo. Filimu yake yoyamba ya 1967, Titicut Follies, ya m'chipatala cha akaidi odwala misala ku Massachusetts, makhoti anailetsa kuonetsedwa poyera mpaka 1991 ponena kuti ikuulula zachinsinsi za odwalawo, pomwe ena ankati boma likungobisa nkhanza zomwe zinaoneka m'menemo. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, ndipo aliyense wofuna kulowa ndi kamera mu wodi ya chipatala chilichonse ayenera kuganizira zimenezi asanayatse.

Chomwe chimandipweteka ndi filimu zooneka ngati za njira imeneyi koma zili zokonza. Ndinaonapo gulu lina likujambula mayi atasenza beseni la usipa, anawabweza kangapo kuti ayambirenso kuyenda, pena akuti munayang'ana kamera, pena akuti dzuwa linali kumbuyo, kenako anawauza kuti asaseke. Mayiwo anali munthu wansangala, ankaseka chifukwa anzawo pa mathandala ankawanena, koma chofunika kwa ojambulawo chinali nkhope yachisoni, ndipo nsomba zawo nthawi yonseyi zinali zikudikira pa dzuwa. Kubwereza pakokha si tchimo, ojambula ambiri amachita, koma kumuchotsa munthu chimwemwe chake kuti agwirizane ndi lipoti la dona ndi kumunamizira.

Nthawi yomweyo ya 1960 ku France kunali anthu oganiza mosiyana. Jean Rouch ndi Edgar Morin ankati kubisala kulibe phindu, kamera imasintha anthu basi, ndiye bwanji osavomera nkuigwiritsa ntchito kuti itulutse zomwe sizikanatuluka. Mu Chronique d'un été, yomwe inatuluka mu 1961, mayi wina akuyenda ndi maiki m'misewu ya Paris kufunsa anthu ngati ali osangalala, opanga filimuwo akuoneka, akudya ndi anthu awo, akukangana nawo, ndipo chakumapeto amawaonetsa filimuyo anthu omwe ali m'menemo nkujambulanso zomwe akunena, wina akuti uyu amachita sewero, wina akuti ayi uyu ndiye ananena zoona mpaka kuchititsa manyazi. Apa choona chomwe mukuonera ndi kukumana kwa wojambula ndi wojambulidwa. Ma dokyumentale onse omwe mtolankhani amaoneka akuyenda, akugogoda pa zitseko, akufunsa, ali mu mzere umenewu.

Rouch anajambula kwambiri ku Niger, komwenso anafera pa ngozi ya galimoto mu 2004, ndipo pali nkhani yake imodzi yomwe ife a m'mbali mwa Shire tingaimve msanga. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anajambula asodzi a mtundu wa Sorko akusaka mvuu pa mtsinje wa Niger, poedita anaikamo nyimbo pa nthawi yosakayo kuti pakome. Atabwerera kukawaonetsa eni ake pa chinsalu, iwo anakana nyimboyo, anati posaka pamafunika bata, nyimbo imailimbitsa mtima mvuu. Rouch anawamvera, ndipo kuyambira pamenepo anayamba kusamala kwambiri ndi nyimbo zongoikamo, komanso kubwerera kukaonetsa anthu filimu yawo kunakhala mbali ya ntchito yake. Taganizani, katswiri wochokera ku Paris akukonzedwa ndi asodzi, ndipo asodziwo ndi amene ankalondola. Ndi angati mwa amene amajambula kuno amene anabwererapo ndi laputopu kukakhala pansi ndi a komiti ya pa doko nkufunsa kuti apa talakwitsa pati? Kanyimbo ka piyano kaja sindikhulupirira kuti kangapulumuke pa msonkhano wotero.

Komabe Rouch naye anadzudzulidwa, ndipo anamudzudzula ndi Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene anamuuza maso ndi maso mu 1965 kuti akatswiri achizungu ophunzira za Africa amatiyang'ana ngati tizilombo. Mfundo yake inali yoti ngakhale mlendo akhale wamtima wabwino chotani, amaonetsa zomwe waona koma osaima mbali ya anthuwo. Yankho labwino linachokera kwa mayi wa ku Senegal komweko, Safi Faye, amene anayamba waseweramo mu filimu ya Rouch kenako nkukaphunzira yekha. Mu 1975 anatulutsa Kaddu Beykat, anakajambula kumudzi kwawo, abale ake enieni akusewera moyo wawo womwe, akulu atakhala pansi pa mtengo akukambirana mmene ulimi wa mtedza wokhawokha wawasaukitsira, ndipo mawu ofotokoza ndi ake iye mwini ngati akulemba kalata. Muli zokonza, muli zongochitika, muli wofotokoza, koma wofotokozayo ndi mwana wa pamudzipo ndipo akunena kuti ife, osati iwo. Boma la Senegal linailetsa. Kwa ine chitsanzo ichi nchimene chili pafupi kwambiri ndi mtsikana wa ku Namwera kapena Makanjira amene ali ndi foni komanso nkhani ya kwawo.

Pali njira ina yofufuza, yomwe nthawi zina imagwiritsa ntchito kamera yobisa. Ambiri tikukumbuka mu June 2022 pomwe BBC Africa Eye inatulutsa Racism for Sale, Runako Celina ndi mtolankhani wa kuno Henry Mhango atatsata mavidiyo a ana a ku Lilongwe omwe ankauzidwa kunena mawu onyoza anthu akuda m'Chitchaina chomwe sankachimva, mavidiyowo nkumagulitsidwa pa intaneti. Munthu yemwe ankajambulayo, Lu Ke, anathawira ku Zambia, anagwidwa, nkubwezedwa kudzaimbidwa mlandu. Kujambula munthu mobisa ndi chinthu choopsa ndipo sichoti aliyense azingochita pofuna ma like, chimaloledwa pokhapokha cholakwacho chili chachikulu ndipo palibe njira ina yopezera umboni. Apa zifukwa zonse ziwiri zinalipo.

Koma filimu yomwe ndimafuna aliyense wa m'mbali mwa nyanja aidziwe ndi Darwin's Nightmare ya 2004, ya Hubert Sauper wa ku Austria, yojambulidwa ku Mwanza pa nyanja ya Victoria. Ikuonetsa nsomba yaikulu ija ya Nile perch, minofu yake ikukwera ndege kupita ku Ulaya, anthu a pamalopo akutsala ndi mitu ndi mafupa, ana ogona mumsewu, amayi ogulitsa thupi, Edzi, ndipo ikusiya ganizo loti mwina ndege zomwezo pobwera zimanyamula zida za nkhondo. Ilibe wofotokoza wa mawu a Mulungu uja, imaoneka ngati wojambula wangoyenda ndi kakamera kake nkumacheza ndi anthu, ndipo inafika mpaka pa mndandanda wa filimu zopikisana pa mphoto ya Oscar. Ku Tanzania inakwiyitsa anthu zedi, pulezidenti Jakaya Kikwete anaidzudzula poyera mu 2006 kuti yaipitsa dziko ndi malonda a nsomba, ndipo otsutsa ena anati nkhani ya zida ija filimuyo sinaitsimikize, inangolumikiza zithunzi kuti wowonera amalize yekha. Zomwe anajambulazo zinalipodi, palibe anachita kupanga ana a mumsewu, koma Mwanza yonse sinali imeneyo. Munthu atabwera kuno milungu ingapo nkusankha zowawa zokhazokha, za amayi osinthanitsa thupi ndi nsomba, za ana osiya sukulu kukakoka makoka, atha kupanga filimu yoti chithunzi chilichonse ndi choona koma inu eni ake osaizindikira Mangochi yake. Ndipo iye akakwera ndege, amene anayankhula pa kamera ndi amene amatsala ndi mafunso a mfumu, a apolisi ndi a achibale.

Njira zina ndingozidutsa mwachangu. Pali yobwereza zomwe zinachitika kale pogwiritsa ntchito ochita sewero, yomwe gulu la Drew likanaitcha bodza, koma Errol Morris mu The Thin Blue Line ya 1988 anabwereza kuphedwa kwa wapolisi ku Dallas mosiyanasiyana malinga ndi zonena za mboni iliyonse, kuti muone nokha kuti maumboniwo sakugwirizana, ndipo Randall Adams amene anamangidwa pa mlanduwo anatulutsidwa mu 1989. Chachikulu nchoti wowonera adziwe kuti apa ndi sewero. Pali ya ndakatulo, yosafuna kufotokoza kanthu koma kuti mumve m'thupi, ngati Regen ya Joris Ivens ya 1929, yomwe ndi mvula chabe ikugwa mu mzinda wa Amsterdam kwa mphindi zosakwana 15. Iyi ndi yokoma koma kuno ingasanduke msanga malonda a malo ogona alendo, dzuwa likulowa ndi bwato patali basi. Palinso yodziulula yokha, ngati Man with a Movie Camera ya Dziga Vertov ya 1929 yomweyo, momwe mumaona wojambula akujambula komanso mkazi wa Vertov, Elizaveta Svilova, akudula filimu yomwe mukuonerayo, cholinga muzikumbuka kuti pali manja a munthu. Mphunzitsi wa ku America Bill Nichols anaziika njira zonsezi m'magulu 6 m'buku lake la 2001 ndipo m'masukulu a filimu amaphunzitsa zimenezo, koma filimu zabwino zambiri zimasakaniza, musavutike nkuloweza magulu.

Chomwe mabuku satchula kawirikawiri nchoti njira imasankhidwa ndi ndalama. Bungwe likamalipira limafuna filimu ya mphindi zisanu, yotuluka mwezi uno, yokhala ndi uthenga womwe analemba kale mu ofesi ku Lilongwe, ndiye wojambula amapatsidwa masiku awiri kapena atatu, galimoto ndi alawansi zikuwerengedwa, sangadikire kuti anthu amuzolowere. Amangokhazika munthu pansi pa mtengo, mafunso asanu, zithunzi zodzazira, nkumapita. Munthuyo akayankha m'Chiyao amamusiya masekondi atatu kenako amamuphimba ndi mawu a Chingerezi ofupikitsa, mwambi womwe ananena, kuseka kwake, kuzungulira kwake asanafike pa mfundo, zonse zatayika. Anyamata athu ojambula sindikuwaimba mlandu, ntchito ndi imeneyo ndipo ndi yomwe imalipira lendi.

Koma taonani apa. Njira yodikira ija, yongokhala ndi anthu miyezi, ndi yodula kwambiri kwa mlendo chifukwa tsiku lililonse ndi hotela, galimoto ndi womasulira, pomwe kwa munthu wokhala ku Monkey Bay kapena pa Boma pompano ndi yotchipa kuposa zonse. Nthawi muli nayo, Chiyao ndi Chichewa mumamva popanda womasulira, mumadziwa kuti mawu awa anenedwa mwaulemu koma ndi kukana, ndipo anthu sakuonani ngati mwabweretsa thandizo ndiye sakuuzani zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva. Foni ya masiku ano chithunzi chake nchokwanira. Ndalama yochepa yomwe muli nayo ikani pa maiki yokhala ndi chotchinga mphepo, chifukwa mphepo ya kunyanja imaononga mawu ndipo anthu amapirira chithunzi chogwedera koma mawu osamveka amatseka pompo, kenako pawabanki ndi posungira mafayilo pawiri, chifukwa memori khadi imodzi ikafa miyezi yonse yapita. Kaonaneni ndi amfumu ndi a komiti ya pa doko musanayambe, koma chilolezo cha amfumu si chilolezo cha mayi amene mukumujambula, ameneyo mumufunse payekha ndipo mumuuze kuti zikapita pa Facebook azibale ake a ku Joni aziona. Akalankhula Chiyao musiyeni alankhule mpaka amalize, mulembe mawu m'munsi.

Udindo wake ndi wolemeranso kuposa wa mlendo, chifukwa inu simukwera ndege, mawa mukumana nawo pa msika anthu omwewo. Ena amaona ngati chimenechi nchofooketsa, kuti simungaonetse zoipa za kwanu. Ine ndimaona kuti mukhoza, Safi Faye anaonetsa umphawi wa kwawo mpaka boma kukwiya, kungoti mumakakamizika kuonetsa munthu yense osati bala lake lokha. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kumiza magombe, nyumba ndi malo ogona alendo kuno, makamera anabwera madzi atalowa kale, anajambula madenga nkubwerera. Koma madziwo anakwera pang'onopang'ono kwa miyezi, anthu akusuntha mathandala, akuika matumba a mchenga, akukangana ngati asamuke kapena adikire, ndipo zimenezo akanatha kuzijambula ndi munthu yekhayo amene amadutsa pa doko lomwelo tsiku ndi tsiku.